Alendo Anavina Nyimbo ya Mlatho

Loweruka lapitali ndinali ku Mphunzi, kumsonkhano wa chitukuko. Nkhungu inali itatsika m'mapiri mpaka kumeza mitengo, ndipo anthu ankangotulukira mmodzimmodzi, amayi atafunda zitenje mpaka kumutu. Tsiku lotere ine maganizo sachedwa kundithawa.

Anandiitana ndi Filomena, mwana wa mlongo wanga, amene amatsogolera gulu la achinyamata m'mudzi mwawo, kutsidya kwa mtsinje. Gululi lili ndi dimba la kachewere, ndipo chaka chino wabereka mochititsa kaso. Koma mlatho wamitengo unapita ndi madzi dzinja lathali, ndiye lole yogula mbewu imangobwerera panjira. Anawo ayesa kuwolotsa matumba pamutu, koma mungasenze angati? Kachewere wayamba kuola.

Anyamata anali atanena kale kuti mlatho ukapanda kumangidwa apita kukalima fodya ku maesiteti a ku Kasungu. Mmodzi wa iwo ndi Sitefano, amene anatomera Filomena.

"Amalume, lero tinena," anatero Filomena titakumana pabwalo la sukulu, tsidya lino, pomwe msewu ukadali wabwino. "Kukubwera bwana wamkulu."

"Akupatsani mpata wolankhula?"

"Tinakapempha kwa atcheyamani. Akuti ana salankhula pamaso pa alendo, ife yathu n'kuimba. Ndiye zonse taziika m'nyimbo."

Nthawi yawo itakwana analowa m'bwalo atandanda, ng'oma zikulira. Nyimbo inayamba ndi mayamiko, monga zimayambira nyimbo zonse masiku ano. Kenako Filomena anakweza mawu. Anaimba kuti mlatho unagwa, kachewere akuola, anyamata akumanga katundu. Inali nyimbo yokoma, abale, ndipo ine misozi inalengeza.

Nawonso bwana aja inawagwira mtima. Anadzuka pampando, kumanga batani la jekete, n'kulowa m'bwalo. Amayi nthungululu. Pamene mwanayo ankaimba za kachewere woola, iwo n'kuti akukupiza mpango m'mwamba, akumwetulira. Amavina bwino bambo amenewa, sindingawanamizire.

Atabwerera kumpando analankhula nthawi yaitali. Anati sanaonepo ana osangalala ngati a ku Mphunzi, ndipo anawakumbutsa kuti iwo ndi atsogoleri a mawa. Za mlatho sizinatuluke pakamwa pawo.

Apa m'pamene ndinayamba kulota ndili maso. Ndinaona ng'oma zitagonekedwa pansi, bwalo lonse lili zii. Filomena anali ataima, manja ali kumbuyo, akufotokoza pang'onopang'ono, osaimba. Bwana anali atapendeketsa mutu, akufunsa ngati mitengo ingapezeke pafupi, Sitefano n'kumayankha kuti manja alipo, chosowa ndi misomali ndi mmisiri. Ndinaona dzuwa litaboola nkhungu, lole ikuwoloka itadzaza matumba, ana akuithamangira pambuyo. Ndinaonanso ukwati kutchalitchi, mlongo wanga atavala duku yatsopano.

Wina anandigunda pa phewa. "Akulu, ombani m'manja, alendo amaliza."

Ndinaomba.

Musandimve molakwa, owerenga anzanga. Magulu a achinyamata ndi chinthu chabwino, ndipo amene anawaganizira anaganiza bwino. Kukafunika njerwa za sukulu, amaumba ndi iwo. Msewu ukamera thengo, amalambula ndi iwo. Pachipata cha msika, ofunsa makhadi a chipani ndi iwo omwe. Manja awo timawafuna, miyendo timaifuna, mmero timaufuna. Nanga mutu bwanji timaubweza pakhomo?

Ndiye pali mawa timawalonjezawa. Atcheyamani aja nawonso anauzidwapo kuti ndi atsogoleri a mawa. Anadikira mpaka imvi mbuu, ndipo lero pamene mpando aupeza, akuuza ana kuti aziimba. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa si munthu woipa. Akungopereka zomwe analandira.

Chimene ndikupempha n'chaching'ono. Pamsonkhano uliwonse gulu la achinyamata lizisankha mmodzi, aime, ng'oma zitaleka, anene chomwe chikuwasowetsa tulo, ndipo ayankhidwe pomwepo. Ulemu sungathe chifukwa cha zimenezo. Mwana angathe kugwada kaye, kuwomba m'manja, kenako n'kunena zoona zake. Munthu sungamve dandaulo uku ukuponya mwendo.

Dzulo ndinakumana ndi Filomena pamsika wa Mayani, akugulitsa kachewere wochepa amene anatha kusenza. Anandiuza kuti Lachitatu lole inabwera, koma ya ku maesiteti. Inaima tsidya lino, pamene panali mlatho, ndipo anyamata anawoloka madzi wapansi, mabulangete ali pamutu. Sitefano analonjeza kuti adzabwera akadzagulitsa fodya. Mwanayo ankanena zimenezi akusanja kachewere yemwe anali atamusanja kale.

"Atcheyamani atiuza kuti tikonze nyimbo ina," anatero. "Akuti mwezi wamawa kukubweranso alendo."

"Ndiye mukonza?"

"Tikonza, amalume, tingakane? Koma ng'oma ankaimba ndi Sitefano."

Inu a mipando yakutsogolo, mwezi wamawa mudzavinira chiyani?