Nkhuku ya Atelala

Tsiku limene ndinapita kukaona tauni ina yaing'ono ya kuchigwa, ndinaidutsa osaiona. Minibasi inanditsitsa pansi pa mlambe, kondakitala n'kunena kuti tafika. Ndinayang'ana uku ndi uku: timagolosale tingapo, chigayo, mbuzi zitagona pakhonde la nyumba yotseka. Mumtima ndinati apa ndi pa siteji chabe, tauni yeniyeni ili kutsogolo. Ndinakoleka chikwama paphewa n'kuyamba kuyenda ngati munthu wodziwa kumene akupita. Nyumba zinayamba kutalikirana, kenako zinatha. Kunatsala udzu wautali wouma, mitengo ya minga apa ndi apo, ndi dzuwa. Thukuta litafika m'masokosi, ndinaimitsa bambo wina amene ankabwera pa njinga.

"Pepani bambo, kuti ndifike m'tauni kwatsala patali bwanji?"

Anatsika panjingapo, anandipatsa moni bwinobwino, anafunsa za kunyumba, kenako analoza kumbuyo kwanga.

"Ndi kumene mukuchokerako, bwana."

Tinabwerera limodzi, iye akukankha njinga yake. Sanaseke njira yonse. Ndikanakonda akanaseka.

Ndifotokoze chimene ndinkafuna kumeneko. Ine ndimakhala ku Bangwe, ndipo ndimagulitsa misomali ndi penti mu shopu ina ku Limbe. Sukulu sindinapite nayo patali, koma ndimawerenga chilichonse chimene ndachipeza, makamaka mabuku ogula pansi m'mbali mwa msewu, ena opanda chikuto, ena othothoka masamba omaliza, moti nkhani zambiri za padziko ndimazidziwa kulekeza pakati. Amene ndinkawakonda kwambiri ndi a anthu oyenda. Munthu amangodzuka, n'kupita kudera kumene alibe m'bale, n'kukhala pansi, n'kumayang'ana. Pamene ine maulendo anga onse chibadwire anali a maliro, a ukwati, kapena okazonda matenda. Ndinalakalaka ulendo umodzi wopanda wakufa, wopanda wokwatira, wopanda wodwala.

Nditawauza mayi a kunyumba, anali akuchapa panja. Anasiya kuchapako.

"Kuli ndani kumeneko?"

"Kulibe aliyense."

"Ndiye mukukatani?"

"Kukangoona dera."

Anapukuta manja pachitenje pang'onopang'ono. "Bambo, takhala limodzi zaka zonsezi, ana akula. Ngati kuli munthu kumeneko, ndiuzeni lero ndili m'nyumba mwanga. Ndisadzamvere pampope."

Ine ndinaseka, iwo ayi. Mantha awo anali ndi poyambira. Pamzere wathu wa nyumba panali bambo wina amene anayamba ndi maulendo a kuntchito, mpaka tsiku lina panafika mayi wobereka mwana wa mphuno yodziwika. Ndinawalonjeza kuti ndikagona usiku umodzi basi, ndipo ndibwera mmene ndapitiramo, ine ndi chikwama changa. Iwo anati, "Tiona," n'kubwerera ku zochapa zawo.

Tsono nditabwezedwa m'tauni muja ndi bambo wa njinga, ndinapeza chipinda pa resiti hausi ya kuseri kwa chigayo, ndinasamba kumaso, n'kutuluka kukayamba ntchito yoona. Msewu unali umodzi. Ndinauyenda kupita kumtunda, ndinauyendanso kubwera kumunsi. Ndikuyambanso kachitatu, mawu anachokera pakhonde la golosale ina.

"Alendo, mwataya chiyani?"

Anali atelala, bambo wachikulire wa magalasi omanga ndi ulusi, atakhala kuseri kwa makina opalasa ndi phazi. Ndinapita kukawapatsa moni.

"Mwabwera kudzagula thonje?"

"Ayi."

"Nandolo?"

"Ayi, bambo."

"Ndinu a boma? A mpingo?"

Ndinati ndine munthu wamba wa ku Bangwe, ndangobwera kudzaona. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwafikira kwa yani?"

"Ndili pa resiti hausi."

"Resiti hausi si munthu," anatero. Anachotsa mulu wa mayunifolomu a sukulu pabenchi, anapukutapo ndi dzanja. "Khalani apa. Munthu akakufunsani, muziti mwafikira kwa atelala. Mukamangozungulira chonchi anthu ayamba kutsekera nkhuku zawo."

Ndinakhala, ndipo ndinaona. Ngolo ya ng'ombe inadutsa itanyamula migolo ya madzi, woyendetsa ali mtulo, ng'ombe zikudziwa zokha kokhota. Magetsi anazima, chigayo chinakhala chete, azimayi anakhala pamatumba awo osadandaula. Kamvulumvulu anachokera kudambo, anadutsa pakati pa msika, anatola majumbo onse n'kupita nawo kwa eni ake ena. Kuseri kwa nyumba, dziko linali lathyathyathya mpaka kumene maso alekezera, ndipo ine wokulira pakati pa mapiri, kumene kukagula mchere ndi chikweza, ndinamva ngati andichotsera makoma a nyumba. Basi yaikulu ikadutsa, anthu onse ankasiya zochita n'kuiperekeza ndi maso, ikazimiririka ankabwerera kuyang'ana ine. Dzuwa likupendeka ndinali nditazindikira kuti chinthu choona m'tauni monsemo tsiku limenelo ndinali ine.

Atelala ankasoka n'kumandifotokozera. Uyo wa malaya ofiira ndi wogulitsa mbuzi, musamukhulupirire. Nyumba yotsekayo inali sitolo ya nsalu kale anthu akadali ndi ulemu wosoketsa zovala, osati izi za kaunjika. Mlambe wa pa siteji unalipo msewu usanabwere, ndipo opanga msewu anaukhotera. Atelalawo anandigulira tiyi ndi sikono, nditafuna kulipira anandikalipira. Potseka makina anati mawa masana ndikadye kwawo, akazi awo akonzeke. Ndinapepesa kuti minibasi ya ku Blantyre imanyamuka m'mamawa, ndipo kunyumba ndinalonjeza. Iwo anangogwedeza mutu.

M'mawa mwake ndili pa siteji, ndinawaona akubwera mofulumira, kudzanja lina jumbo ya ufa, m'khwapa nkhuku yamoyo. Miyendo yake anaimanga ndi kansalu ka chitenje, kotsalira posoka, ka maluwa ofiira ndi achikasu.

"Mayi akuti sizingatheke mlendo wathu apite osalawa ndiwo. Nthawi yophika mwatimana, ndiye mukaphikire kwanuko."

Ndinayesa kukana. Nkhope yawo inandiuza kuti ndikapitiriza kukana ndiwanyoza iwo, akazi awo, ndi tauni yonse. Ndinalandira ndi manja awiri. Kondakitala anali akukuwa kale, ndinakwera, nkhuku pamiyendo. Dzina lawo sindinafunse, poti aliyense ankangoti atelala. Nambala ya foni sindinaiganizire n'komwe.

Njira yonse ndinali wokondwa. M'mabuku mwanga muja simunali woyenda ngakhale mmodzi amene anapatsidwa nkhuku. Nzeru zinandibwerera nditatsika ku Bangwe, ndikukwera kanjira kodutsa pampope. Azimayi amene anali pamzere wa zidebe anasiya kulankhula. Maso awo anachoka pa ine, anapita pa nkhuku, anapita pa ufa, anakaima pa kansalu kaja. Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti nkhuku yamoyo ndi ufa sizichokera ku resiti hausi. Zimachokera pakhomo pamene munthu walandiridwa ngati mkamwini.

"Mwayenda bwanji, bambo?" anatero mmodzi, mwaulemu wonse. "Apongozi mwawasiya bwanji?"

Zidebe zinagwedezeka ndi kuseka.

Mayi a kunyumba ndinawapeza akusesa pakhonde. Anandilandira chikwama monga mwa masiku onse. Nkhuku sanailandire.

"Nsalu yokongola," anatero.

"Ndi ya atelala."

"Atelala ake amavala chitenje?"

"Ndi chotsalira posoka, mayi. Ndi bambo wachikulire, wa magalasi."

"Dzina lawo ndani?"

Ndinakanda kumutu.

"Nambala yawo?"

Ndinayang'ana nkhuku. Nkhuku yokha ndi imene inalankhula.

Kenako mayi anaimangirira ku mtengo wa papaya kuseri kwa nyumba, kansalu kaja osakachotsa, kuti aliyense wodutsa aone umboni. Ufa anauika pamwamba pa kabati osaumasula. Sanakuwe, sanalire. Chakudya changa ndinkachipeza patebulo chitavindikiridwa, iwo akudyera kukhitchini ndi ana. Ndikayamba kufotokoza za ngolo ndi mlambe, ankakumbukira kuti pali china choti achite panja. Lachitatu anandiuza kuti aimbira achimwene awo a ku Chilomoni, amene ndi ankhoswe a banja lathu, ndipo abwera Lamlungu akaweruka kutchalitchi. Anawonjezera kuti akapanda kukhutira, apita nawo limodzi ku Chilomoniko akapume kaye. Pamenepo ndinasiya kuona zoseketsa pa nkhaniyi. Ndinkapima misomali kushopu maganizo ali kunyumba, ndipo kasitomala wina ndinamupatsa penti wobiriwira atapempha woyera.

Lamlungu m'mawa panabuka vuto limene palibe analiganizira. Ankhoswe akabwera pakhomo sadya masamba. Mwezi unali pakati, ndipo pakhomo ponse panali nkhuku imodzi. Mayi anaima nthawi yaitali pakhomo la khitchini akuyang'ana ku mtengo wa papaya. Kenako anandipatsa mpeni.

"Ipheni. Mukudziwana ndi inu."

Inakwera pambaula dzuwa lisanatenthe. Makala anatha, anathiramo ena. Amenewonso anatha, anakabwereka kwa aneba. Alamu atafika, atavala jekete lawo la kutchalitchi, nkhuku inali ikadali pamoto.

Alamu anga ndi munthu wosafulumira. Anapemphera kaye, kenako anamva mbali ya achemwali awo, kenako yanga. Ine ndinanena zonse, kuyambira mabuku mpaka kamvulumvulu. Anandifunsa kawiri ngati ndikutanthauza kuti ndinakwera minibasi ulendo wonsewo kukakhala pabenchi. Ndinavomera. Anayang'ana kudenga. Kenako anati nkhani yotere siweruzidwa ndi njala, chakudya chibwere.

Anatenga ntchafu. Anailuma, anakoka, ntchafu inakana. Anaigwira ndi manja awiri. Atadula kachidutswa, anayamba kutafuna, ndipo tonse tinadikira. Anatafuna mpaka mitsempha ya m'mutu inaoneka. Anaima pang'ono, anavula jekete, analikoleka pampando, anapitiriza. Atameza anamwa madzi kapu yonse.

"Achemwali," anatero, "ine milandu ya mabanja ndakhalapo yambiri. Mkazi akafuna mwamuna wa mwini amagwira msoti wonona, woti munthu akadya abwerenso. Iyi ayi. Iyi ndi nkhuku imene banja linakhala pansi n'kufunsana kuti m'khola monse ndi iti imene sitidzaisowa. Inasiya kuikira kalekale iyi. Alamu, anthuwo anakukondani, koma mwa nzeru."

Mayi anasendeza mbale ya nkhuku pafupi. Anatenga phiko, analuma, anatafuna. Anatafunabe. Kenako anadzuka, anatsitsa jumbo ija pamwamba pa kabati, anaimasula, anatapa ufa pang'ono n'kuufikisa pakati pa zala.

"Mgaiwa," anatero. "Ngakhale kukonola osakonola."

Anaphimba pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Anafuna kunena kanthu, kuseka kunawatsekereza, anathawira kukhitchini. Ana, amene anali atawatuma kutali koma anali kuseri kwa chitseko, anayamba nawonso.

Sanandipepese, ndipo sindinayembekezere. Koma atabwerako anatenga nthutumba, imene mwa mwambo inayenera kupita kwa mlendo, n'kuiika m'mbale mwanga. Alamu anachita ngati sanaone. Za ku Chilomoni sizinatchulidwenso. Ndinadya nthutumbayo ndi mtima wopepuka, ngakhale penapake ndinamva chisoni chifukwa cha atelala, amene anandipatsa mphatso yawo ndi mtima wonse, ndipo tsopano anthu atatu akuluakulu anali akuinena pamaso pake. Inali yolimbadi. Chibwano chinandipweteka mpaka mawa lake.

M'mawa wa Lolemba ndikupita kuntchito, aneba athu, bambo owotcherera zitsulo amene tinabwereka makala kwawo, anali akutsuka m'kamwa kuseri kwa mpanda. Analavula, anandikodola.

"Achimwene, ndamva kuti yatha bwino."

"Yatha bwino, aneba."

"Ine sindinakayikeko ngakhale pang'ono. Azimayi aja akulongolola pampope ndinawadzudzula pamaso. Ndinati, awo? Mkazi wina? Asiyeni bambo aja, sangathe."