Chitini cha Oili wa a Tcheyamani

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha tayala. Lole ya parishi inaphulitsa tayala pafupi ndi kwathu ku Malomo, ine n'kuthandiza kupopa jeke. A Kamwendo, makaniko wa ku mishoni, anandiyang'ana manja nati, "Ubwere Lolemba." Patatha zaka ziwiri ndinali ndikuiyendetsa ndekha.

Loleyo inali nkhalamba, ndipo inali ndi nthenda yake. Oili akakwera kumutu kwa injini ankachedwa kutsikira m'sampu, mosungira oili pansi pa injini, poti tinjira take tinali titadzaza phala lakuda. Ukazimitsa n'kusolola dipisitiki yoyezera oili pompo, inkakunamiza kuti oili watha. A Kamwendo ankati, "Yamba wamwa tiyi, ndiye uyeze. Ndipo kukazizira usaithire oili wolemera. Nambala 30 basi."

M'mawa wina mu Juni, a Kamwendo ali gone ndi malungo, kunafika a tcheyamani a chipani a m'dera lathu. Ankafuna lole itengere amayi kukavina kumsonkhano ku Dowa. Masiku amenewo pempho lotere sunkayankha kuti ndiganize kaye. Anabweranso ndi mphatso, chitini cha oili wa nambala 50.

"Injini yokalamba imafuna oili wolemera," anatero. "Uthire ameneyu."

Ndinachigwedeza chitinicho, koma osamveka n'kukhuvuka komwe. M'chisanu chija oiliyo anali ngati uchi. Ndinadziwa kuti akakwera kumutu sabwerera msanga, sampu iuma tili pakati pa phiri, injini n'kuferatu, amayi ali odzaza kumbuyo. Komanso kukana mphatso ya chipani kunali kuputa mavu. Anthu ankasowa pa zifukwa zochepa kuposa chimenechi, ndipo ine mantha anandigwira.

Ndinalandira ndi manja awiri. Iwo atapita kukasonkhanitsa amayi, ndinamasula pulagi ya sampu ndi sipanala, kukhetsa oili wakale yemwe anatuluka mwaulesi, n'kuthira 30 wathu. Chitini chawo ndinachikankhira pansi pa mpando.

Tikutsetserekera kumtsinje cha ku Msakambewa ndinaponda buleki. Chitini chija chinatuluka n'kuwagunda chidendene a tcheyamani, amene anakhala pambali panga. Anachinyamula, n'kumva kulemera kwake.

"Sunathire," anatero motsitsa mawu. "Lole iyi ikangoima panjira, ukafotokoza bwino kutsogoloko."

Patsogolo pathu panali chitunda chachitali. Ndinalowetsa giya wani, maso ali pa singano ya geji ya oili. Inanjenjemera, kutsika pang'ono, n'kuima. Kumbuyo amayi ankaimba osadziwa kanthu, ine thukuta kamukamu m'chisanu chonse chija. Tinafika pamwamba singano isanagwe.

A tcheyamani sanandiyankhulenso tsiku lonse. Potsika madzulo anasiya chitini pampando.

A Kamwendo atachira ndinawafotokozera. Iwo anati, "Injini sidziwa kuti oili wapereka ndani." Oili uja tinapaka mizati ya chigafa cha fodya kuti chiswe chisadye. Mpaka lero munthu akandibweretsera oili, kaya ndi wamkulu chotani, ndimayamba ndamvera injini.