Mbale ya Azakhali

Pa mdadada wa nyumba zalendi uja, aliyense ankawaitana kuti Azakhali. Telala wa kumapeto ankatero, mkazi wa mlonda ankatero, ngakhale alandilodi, omwe anali aakulu kwa iwo, ankatero. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali mwana wa mlongo wawo. Uzakhali wawo unali wa pakamwa basi.

Anagwira ntchito yophika pa sukulu ina yogonera konko mpaka msana unakana kunyamula mapoto akuluakulu. Amuna awo anatsogola kalekale. Mwana wawo mmodzi yekhayo ankakhala mumzinda wina, ndipo ankaimba foni akakumbukira. Manja amene anazolowera kudyetsa chinamtindi cha ana sanaphunzire kuyeza chakudya cha munthu mmodzi. Akati aphike pang'ono, poto ankadzaza ndithu. Ndiye ankagawa m'mbale n'kumagogoda m'makomo mwa anzawo.

Zonsezi mtsikana wa khomo loyandikana nawo ankazionera pa kampata ka katani. Iyeyu anafika pamalopo ndi khanda kumsana. Mwamuna wake, dalaivala wa galimoto zonyamula katundu, anangomulowetsa m'nyumba n'kubwerera pamsewu. Apongozi ake, omwe anamuperekeza, anamusiyira malamulo atatu: osatsegula chitseko mwachisawawa, osapereka mwana m'manja mwa munthu wosamudziwa, osadya za kwa eni pamene ukuyamwitsa.

"Anthu a m'tauni amaseka ndi mano okha, mtima uli kwina," anatero apongoziwo.

Mantha anali nawo kale, apongozi anangosonkhezera moto. Mwana akagona nthawi yaitali, iye ankaika chala pamphuno pake kuti amve ngati akupuma. Akayetsemula kamodzi, ankamugwira pamphumi kuti amve ngati watentha thupi. Ndipo panalibe woti amufunse.

Asanathe ndi sabata yomwe pamalopo, Azakhali anagogoda.

"Odi kuno, amake mwana!"

Anatsegula pang'ono, mongokwana dzanja. Azakhali anali atanyamula mbale yoyera ya maluwa ofiira, yobenthuka m'mphepete. Munali mpunga ndi nyemba, nthunzi ili tolotolo.

"Idyani," anatero. "Mkaka wa mwanayo suchokera kumpopi."

Iye analandira ndi manja awiri, nathokoza, natseka. Fungo lake linadzaza m'chipinda monse. Anatenga supuni. Kenaka mawu a apongozi anamugwira dzanja. Anaphimba mbale ija ndi nsalu, nazembera kuseri kwa nyumba, nakhuthulira zonse kudzala. Potembenuka, anaona Azakhali ataima pachingwe choyanikapo zovala, mapegi ali kukamwa. Maso anakumana.  Mphaka wa alandilodi yekha ndiye anatsika pampanda mwachangu.

Kuyambira tsiku limenelo mbale ija inasanduka mlandu. Kwawo anamulera bwino, ankadziwa kuti mbale ya mnzako siibwerera yopanda kanthu. Koma akanaikamo chiyani? Mpunga wake unkatuluka ngati phala, nyemba ngati miyala. Nanga nkhope akanaibisa kuti? Anaitsuka, naiika pamwamba pa kabati. Masabata anadutsa, mbale ili pomwepo, ikumuyang'ana ngati diso.

Khoma la pakati pawo silinkafika kudenga. Zonse za kwa Azakhali zinkamveka: kukhosomola, kukoka mpando, ndi macheza awo, poti ankacheza ndi ziwiya zawo ngati anthu.

"Iwe mkaka, wayamba kudzikweza? Dikira ndikugonekere mthiko pamwamba, tione ngati uthawe."

Tsiku lina mtsikana uja akusambitsa mwana, mwanayo analira mpaka kufiira. Kuseri kwa khoma kunamveka Azakhali akuuza ketulo yawo: "Madzi osambitsira khanda amayesa ndi chigongono. Dzanja ndi labodza, linazolowera moto." Iye anaviika chigongono m'beseni. Madzi anali otentha zedi. Anathiramo ozizira, mwana n'kutonthola.

Motero anaphunzira zambiri mwakuba. Nyemba uziviika m'madzi usanaphike. Mafuta akagwira moto usathire madzi, vundikira. Mlendo akakana tiyi koyamba usamukhulupirire, funsanso. Koma Azakhali anali ndi mafunso awonso, amene ziwiya sizinkawayankha.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuponya mazira m'madzi. Labwino limamira, loipa limayandama. Koma chimaliyandamitsa n'chiyani? Kapena limafuna lithawe manyazi ake?"

Mtsikana uja anadzidzimuka, chifukwa yankho ankalidziwa. Anafika Fomu 3 mimba isanamuchotse pasukulu, ndipo sayansi ndiyo inali phunziro lake la pamtima. Anatsegula pakamwa, nayang'ana pamwamba pa kabati, natsekanso. Yankho lija ananong'oneza mwana wake, yemwe anangomuseka ndi nkhama.

Pa kampata ka katani kaja anaonanso china. M'mawa uliwonse Azakhali ankatulutsa mipando iwiri pakhonde, n'kupukuta yonse. Anthu ankabweza mbale zawo ndithu, wina ataikamo tomato, wina nthochi, koma ankangozisiya pakhomo. "Tathamanga, Azakhali, tidzacheza!" Mpando wachiwiri uja unkalowa m'nyumba madzulo uli wozizira. Mtsikanayo anazindikira kuti mbale zonse zija sizinkatumidwa kukapereka chakudya chokha. Zinkatumidwa kukaitana munthu woti adzakhale pampando.

Ndiye linafika tsiku limene Azakhali anaterereka kumpopi. Anadzuka okha, akuseka, koma nkhani inamupeza mwana wawo. Madzulo ake foni inalira kuseri kwa khoma.

"Udzanditenga Loweruka lomweli? Iwe, ndangogwa kamodzi kokha, sindinafe ayi... Chabwino, bambo, ndamva. Katundu si wambiri."

Mtsikana uja anakhala pansi pomwe anaimapo. Mawu a kuseri kwa khoma ndiwo anali munthu yekhayo amene anali naye pamalopo, ndipo anali asanawayankhepo ngakhale kamodzi. Loweruka likadutsa mbale ili pakabati, ndiye kuti basi.

Loweruka m'mawa anatereka mpunga. Anayeza madzi ndi chala monga anamvera kukhoma. Anaponya dzira m'kapu ya madzi, linamira, naliwiritsa. Koma mwana anadzuka ndi njala, ndipo pomwe ankamaliza kuyamwitsa, fungo la kupserera linali litafika kale pakhomo. Misozi inalengeza. Panja galimoto inali itafika, akukweza bedi. Nthawi yophikanso ina panalibe. Anakumbukira mawu ena a kukhoma: usakande pansi, samutsa wapamwamba wokha, ika khala lotsuka pamwamba, vundikira. Anachita zomwezo. Anapakula m'mbale ya maluwa ija, naika dzira pambali, nabereka mwana.

M'nyumba mwa Azakhali munali mutatsala mipando iwiri yokha ija.

"Odi."

"Eee! Khoma layankhula lero! Lowani, amake mwana. Ine ndimayesa mbale yanga inakwatiwa kumeneko."

Iye anagwada, napereka mbale. "Azakhali, tsiku lija..."

"Mphaka wa alandilodi amakuthokozanibe mpaka pano. Dzukani, khalani pampandopo, unagulidwira anthu."

Anakhala. Azakhali anatulutsa supuni m'chikwama, nalawa, natafuna pang'onopang'ono.

"Unapserera."

"Eya."

"Mwaika khala."

"Ndinamvera kukhoma."

"Nanga mumayesa ketulo yanga ili ndi mwana woti izimusambitsa?"

Mtsikanayo anaseka, kuseka kumene anali ataiwala kamvekedwe kake. Kenaka analoza dzira lija.

"Azakhali, za dzira zija. Chigoba chake chili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Likamakhalitsa, madzi a m'kati amauma pang'onopang'ono, mpweya n'kumalowa. Mpweyawo ukachuluka, dzira limapepuka. N'chifukwa chake limayandama."

Azakhali anasiya kutafuna. Ananyamula dzira lija, naliyang'anitsitsa cha kuwindo.

"Timabowo? M'dzira? Mayo ine! Kukalamba konseku ndikufunsa mapoto, chonsecho aphunzitsi ali kuseri kwa khoma! Nanga mkaka? Umathawiranji m'poto pamene madzi amangobwata ali phee?"

Asanayankhe, hutala inalira panja. Mwana wa Azakhali anasuzumira pakhomo, thukuta lili kamukamu.

"Amayi, tiyeni. Ulendo ndi wautali. Mipandoyo tikweze."

"Taima iwe, sukuona ndili ndi mlendo?"

"Dalaivala akudandaula, amayi."

Mtsikana uja anaimirira. Anamasula nsalu, natsitsa mwana kumsana, namuika m'manja mwa Azakhali. Palibe anamupempha. Azakhali anamulandira mwaluso, mutu pachigongono, namununkhiza pamutu.

"Ndiwe amene umandidzutsa iwe? Mawu ngati wapolisi. Ukule, uzidya zophika amako, aphunzira tsopano."

Anamubweza. Anamaliza mpunga wonse ali chiimire, dzira anakulunga m'kansalu kuti akadyere m'njira. Anatsuka mbale ija kumpopi, nasolola mthiko wawo m'katoni, naugoneka m'mbalemo, napereka kwa mtsikanayo.

"Siibwerera yopanda kanthu. Za mkakazo mudzandiuza."

Sananene kuti liti, kapena kuti. Galimoto inanyamuka, mipando iwiri ija itamangidwa pamwamba, miyendo ili m'mwamba. Telala anakweza dzanja osasiya kupalasa makina ake. Mkazi wa mlonda anatulukira galimoto itapita kale, nafunsa ngati Azakhali asiya makala.

Masana ake pamdadada panali zii. Mtsikana uja anagoneka mwana, natereka mkaka pambaula. Utayamba kukwera, anagoneka mthiko uja pamwamba pa poto, natembenukira kukhoma.

"Mkaka umayala kakhungu pamwamba, Azakhali," anatero mokweza. "Nthunzi imasowa potulukira, ndiye imakankha."

Mawu ake anadutsa pamwamba pa khoma, nakamveka m'chipinda chopanda kanthu. Anadikira pang'ono. Kenaka anaphula mkaka uja, nakaika chala pamphuno pa mwana.