Dilowa ya Pansi

Madalaivala a mathiraki ndiwo anamupatsa dzina loti Pamalopake, ndipo dzinalo linamata mpaka mkazi wake nayenso ankalitchula akapsa mtima. Anali makanika wopanda galaja. Galaja yake, khitchini yake ndi chipinda chake chogona zonse zinali vani imodzi yoyera, yaitali, imene anaigula itafa injini n'kuidzutsa yekha. Foni ikalira kuti wina galimoto yamufera panjira, banja lonse linkanyamuka: iye, mkazi wake, ndi mwana wawo wamkazi wa miyezi khumi ndi umodzi, amene bambo ake ankamutcha Kanati.

M'vanimo munalibe malo ongokhala. Pansi pa bedi panali jeke, mabatire awiri akuluakulu ndi bokosi la zitsulo, zonse zomangidwa ndi malamba. Zolemera pansi, zopepuka pamwamba, limenelo ndilo linali lamulo loyamba, chifukwa ukaponda buleki mwadzidzidzi chitsulo cha pamwamba chimauluka ngati mwala wa palegeni. Kuchitseko cha kumbuyo anapachika masipanala, iliyonse pa msomali wake, ndipo anazungulira iliyonse ndi penti kuti ikasowa imodzi pachitsekopo paziulula. Mafanibeluti anali m'thumba la kumanzere. Mafyuzi anali m'mabotolo otha mafuta odzola, mtundu uliwonse botolo lake. Kompyuta yopimira matenda a galimoto, kachipangizo konga foni yaikulu kokhala ndi chingwe, inkagona m'thaulo kumutu kwa bedi. Mkaziyo ankati mkazi wamkulu m'banjamo ndi imeneyo.

Lamulo lachiwiri linali loti chimene umachifuna kawirikawiri chikhale pamene dzanja lingafike utaima panja. Motero dilowa ya pansi penipeni, ya pakhomo la m'mbali, inali ya tinthu ting'onoting'ono: mawashala, timanati, timababu. Pakona pake panali siponji yomwe anaiboola tizibowo, ndipo m'kabowo kalikonse munkakhala kabatire kathyathyathya, konyezimira, konga batani la malaya, koika m'makiyi a galimoto za masiku ano.

Mayi a Kanati sanakulire m'zitsulo. Sekondale anaisiyira panjira, ndipo anakwatiwa akuganiza kuti za m'vanizi n'za miyezi yochepa. Anaphunzira kuphika ataweramitsa mutu, kuchapa matewera m'chidebe chomwe sichinakhudzepo oyilo, ndi kugona khutu limodzi lili maso. Mwana atayamba kukwawa, maso awo sankachoka pansi.

Tsiku limenelo anaimika vani pambali pa msewu waukulu, kumbuyo kwa thiraki yonyamula matumba a simenti. Dzuwa linali paliwombo. Pamalopake anali atalowa mpaka m'chiuno m'mimba mwa thirakiyo, dalaivala wake, bambo wonenepa wokonda kuseka, atamugwirira tochi.

"Mayi a mwana, tandipatsirani washala wa pakati!"

Mayiyo anatsegula dilowa ya pansi, natenga washala, nathamangira nayo kuthiraki. Amuna awo anati si ameneyo, koma atauyesa anati ndi yemweyo. Dalaivala anaseka. Sipanapite nthawi yokwana kuwiritsa madzi.

Pobwerera anapeza Kanati atakhala pakhomo la vani, dilowa ili yasa, siponji ili m'manja mwake. Dovu linali chuchuchu pachibwano. Anatsokomola kawiri, nachita ngati akufuna kusanza, kenako anawasekerera mayi ake.

Mayiyo anapisa chala m'kamwa mwa mwana, m'masaya, pansi pa lilime. Munalibe kanthu. Anayang'ana siponji ija. Tibatire titatu tinali m'malo mwake. Kabowo kachinayi kanali pululu.

"Bambo a Kanati! Tabwerani!"

"Ndagwira bawuti, dikirani pang'ono."

"Isiyeni!"

Mawu amenewo anali asanawamvepo kwa mkazi wake. Anatuluka m'thirakimo manja ali bii.

"Tibatire iti tinalipo tingati?"

"Tinayi."

"Mwina kamodzi munakaika m'kiyi ya munthu dzulo?"

"Ayi. Tinayi. M'mawa uno potenga babu ndinationa." Anayang'ana mwana, nayang'ana pansi. "Kagwera pompano. M'vani muno chinthu sichisowa."

Anatenga maginito ake a pakamtengo, aja otolera mabawuti ogwera mu injini, nayamba kusesa nawo pansi. Anatulutsa dilowa yonse n'kuikhuthulira pa thaulo. Anamasula malamba, nakoka bokosi la zitsulo, nakoka jeke, nagwada kusuzumira kunsi kwa bedi. Maginito anatola nati, kamsomali, phini ya thewera. Anatsika n'kuyamba kukwawa m'miyala ya m'mbali mwa msewu.

Dalaivala anafika akupukuta thukuta ndi chipewa. "Alamu, musadzipweteke ndi mantha. Ana amameza zinthu. Wanga anameza batani la jekete, mawa lake tinalipeza m'thewera, mpaka pano ndikulivala. Mpatseni nthochi, kazitsika kokha."

Mayi a Kanati ankakumbukira chithunzi chomatidwa pakhoma kusikelo ya ana, pamene anakhala pamzere m'mawa wonse mpaka anachiwerenga kangapo posowa chochita. Panali kabatire konga komweka. Mawu onse sanawasunge, koma awa anawasunga: kamawotcha m'kati, musadikire.

Kanati anayamba kulira. Mayiyo anamupatsa bere, mwana analigwira, nayamwa kamodzi, nalilavula akukhotetsa khosi. Mwana ameneyu anali asanakanepo bere chibadwire.

"Tiyeni kuchipatala."

"Ndipatseni kanthawi, ndisanafufuze m'mphako ya chitseko. Tikathamangira kumeneko, kabatire kali pano, akatiseka."

"Atiseke."

"Mayi a mwana, katundu yense ali mbwee. Sindingayendetse chonchi. Mukudziwa lamulo."

Mayiyo anaima pakhomo, mwana ali pachifuwa. "Tamverani. Akanakhala mwamuna wina, ndikanati waiwala, tinalipo titatu. Koma inu simuiwala. Mwanena kuti tinayi. Mwasesa ndi maginito anu paliponse, ndipo mwatola mpaka phini yomwe ndinataya mwezi watha. Ngati m'vani muno chinthu sichisowa, ndiye kali kuti?"

Pamalopake anakhala chigwadire m'miyalamo, maginito ali m'manja. Anayang'ana khosi la mwana wake. Kenako anaponya maginitowo m'vani, osaona kumene agwera.

"Kwerani."

"Aa, bwana makanika!" anakuwa dalaivala. "Mundisiya chonchi, thiraki matumbo ali kunja? Simenti imeneyi mvula ikabwera ndimanga nayo nyumba pompano?"

"Khalani pomwepo, achimwene. Musakhudze bawuti iliyonse."

Chipatala chinali kutali, kupitirira mlatho ndi malo omwetsera mafuta. Pa bampu yoyamba bokosi la zitsulo linatsetsereka n'kukagunda phazi la bedi. Pokhota, mabotolo a mafyuzi anagubuduka, limodzi linasweka. Kompyuta ija inagwa m'thaulo mwake, phaa! Pamalopake sanacheuke. Mayiyo anakhala kutsogolo atamufungatira mwana, akupukuta dovu ndi nsonga ya nsalu. Siponji ija anali ataifumbata m'dzanja lina osadziwa kuti anaitola liti.

"Ndine ndinasiya dilowa yotsegula," anatero chapansipansi.

"Ndine ndinakuitanani," anayankha mwamunayo, maso ali pamsewu.

Pachipatala panali mzere wofika pakhonde. Mayi a Kanati, amene ngakhale kusitolo ankalola anthu kuwapitirira, anadutsa onsewo mpaka patebulo la namwino.

"Mayi, pitani kumbuyo. Onsewa ali ndi ana odwala."

Anaika siponji ija patebulo, naloza kabowo kopanda kanthu. "Wameza kotere. Bere akukana."

Namwino anatola kabatire kamodzi, nakatembenuza. "Nthawi yanji?"

"Dzuwa lili pamutu."

Namwinoyo anaimirira mwachangu mpaka mpando kugwa.

Anamujambula mwana pachifuwa. Dokotala, mayi wa imvi zochepa, anaonetsa chithunzicho pagalasi lowala. Pakati pa timafupa ta nthiti, m'munsi mwa khosi, panali kadontho koyera kozungulira bwinobwino. Pamalopake, amene moyo wake wonse ankapeza chimene chavuta m'kati mwa zinthu, anagwira khoma ndi dzanja n'kusiyapo chidindo cha girizi.

"Kaima pammero," anatero dokotala. "Timugoneka tulo, tikachotse tsopano lino. Mayi, sainani apa."

Mayi a Kanati anatenga cholembera. Anasaina ngati mwana wa sitandade wani. Anamutenga Kanati akukuwa, atatambasula manja, chitseko chinatsekeka, ndipo kulirako kunamveka mpaka kunaleka.

Anakhala pabenchi awiriwiri. Foni ya mwamunayo inalira m'thumba mwa ovolosi kanayi, kasanu, mpaka anaizimitsa. Mkaka unatuluka wokha n'kunyowetsa bulauzi. Mayiyo anapinda manja pachifuwa, maso ali pa chitseko chija.

Dokotala anatuluka atanyamula kambale kachitsulo. Kabatire kanali momwemo, katada mbali imodzi ngati kagwera pamoto.

"Kanayamba kale kuwotcha, koma sikanaboole. Mwafika nako msanga. Agona kuno masiku angapo tizimuona, ndipo mpaka nditanena ine, pakamwa pake pasadutse kanthu. Ngakhale bere. Mwamva, mayi?"

Anamupeza Kanati pa kabedi ka zitsulo, diripi ili kudzanja. Atatsegula maso analira ndi mawu osasa ngati a munthu wamkulu. Mayi ake anamunyamula mosamala kuti chingwe cha diripi chisakokeke, ndipo mwanayo nthawi yomweyo anayamba kufunafuna ndi kamwa pabulauzi yonyowa ija.

"Ayi, mama, ayi," anatero mayiyo, akumutembenuzira paphewa. Misozi inali kutsika, koma anali kuseka. "Lira, mwana wanga. Lira ndikumve."