Mphuno ya Lemmy Itafa

Tsiku limene makireti a mowa adabwezedwa kuchokera ku mabala a ku Kabulonga, Lemmy Chisenga adalakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo. Mowawo unali wosasa ngati mandimu, ndipo amene adauvomereza kuti ukagulitsidwe anali iyeyo.

Mwini wake wa kafakitale kofulula mowa ku Lilayi, mayi Josephine Chama, adatsegula botolo limodzi n'kumuyandikizira kumphuno.

"Ba Lemmy, nunkhizani. Mwamvela chani?"

Lemmy adakoka mpweya mpaka chifuwa kudzaza. Zii!

"Palibe, ba madamu. Kuchokela pamene ninadwala kolona, mphuno yanga inafa. Nenze kuyopa kukamba."

Kuti mumvetse kukula kwa tsokali, dziwani kuti ntchito ya Lemmy inali yolawa mowa wakuda, uja wa sitauti ndi pota, wofululidwa ndi chimera cha balele chokazingidwa mpaka kuda bii. Musaganize za chidakwa ayi. Wolawa amangonyowetsa lilime, ntchito yaikulu imagwira ndi mphuno. Mwamunayu adayamba ndi kutsuka mabotolo, koma Mulungu adamupatsa mphuno yodabwitsa. Loweruka masana anthu ochokera ku Woodlands ankadzaza mabenchi a pafakitalepo kudzamumvera. Iye ankakweza galasi, kuyang'ana thovu, n'kunena kuti mowa uwu uyamba ndi khofi, pakati pali chokoleti, koma utsirizira ngati mtedza umene wachedwa pang'ono pambaula. Anthu akalawa n'kupeza kuti ndi momwemodi, ankangogwira pakamwa.

Ndiye munthu wotereyu n'kudzuka m'mawa wina osamva ngakhale fungo la sopo! Adachita mantha, nayamba kufotokoza mowa kuchokera m'mutu, monga ankaukumbukira. Bodzalo lidamunyamula miyezi ingapo, kenako lidamutula pagulu.

Mayi Chama adakwiya, koma sadamuchotse.

"Yendani kunyumba. Mupando wanu nizausunga mpaka nyengo yozizila, pamene tiphika mowa wakuda wambili. Ngati mphuno siinabwele, nizafuna wina. Sinizakunamani."

Kunyumba ku Chelstone zinthu zidafika pomvetsa chisoni. Tsiku lina nyemba zidapserera mpaka utsi kudzaza khitchini, Lemmy ali khale pomwepo akuyang'ana foni. Mkazi wake, Rachael, adathamanga kuchokera panja kudzaphula mphika. Kenako adatsegula mazenera kuti utsi utuluke.

Namwino wina wa ku kiliniki ndiye adamuuza kuti mphuno imatha kuphunzitsidwanso ngati mwana, bola kuinunkhitsa zinthu zafungo tsiku ndi tsiku. Lemmy adagwira mawu amenewo ndi manja awiri.

M'mawa uliwonse ankalowa mumsika wa Chelstone. Ankayamba ndi mandimu, kupita pa tinsomba ta kapenta, pa anyezi, pa chikanda, mpaka kwa ogulitsa makala. Bambo wamkulu ndithu, wandevu zake, atawerama pa beseni la kapenta maso ali tsinzi! Amayi a mumsika ndi anthu osasunga mawu.

"Ba Lemmy, mugula olo munabwela kudya na mphuno?" adatero mayi Emmy, wokazinga mtedza, msika wonse n'kufa ndi phwete.

Ena ankanong'onezana kuti mowa wamukwera kumutu. Iye ankaseka nawo, koma pobwerera kunyumba mtima unkachita kuwawa. Mvula idagwa, chimanga chidacha, mphuno ili chete. Koma mawa lake ankapitanso.

Mphuno itadzuka, idadzuka moipa. Khofi adayamba kumununkha ngati matayala otentha. Anyezi ankanunkha ngati ngalande ya m'tauni nthawi ya dzinja. Lemmy adasanza, nakhala pakhonde n'kunena kuti basi, akapempha ntchito ya ulonda.

Rachael adamuyang'ana, manja ali m'chiuno.

"Atate ake Mpundu, imwe! Miyezi yonse ija mwenze kulila ati simumvela vilivonse. Manje mwamvela vonunkha, mufuna kuleka? Chakufa sichinama. Ngati mphuno yayamba kunama, ndiye kuti yauka."

Mawu amenewo adamubwezera kumsika. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Pang'onopang'ono mandimu adakhalanso mandimu. Utsi wa makala udabwerera. M'mawa wina, akudutsa pa chiwaya cha mayi Emmy, adaima chilili, nafuula kuti mtedza ukupserera. Mayiwo adavundula, napeza wapansi wayamba kuda. Tsiku limenelo adamupatsa mtedza waulere, ndipo sadamusekenso.

Kuzizira kutafika, Lemmy adakwera minibasi ya ku Lilayi. Mayi Chama adamukhazika patebulo, antchito onse ataima mozungulira. Adamumanga chitenje kumaso.

"Makapu yali yatatu. Osamwa. Mphuno chabe."

Kapu yoyamba itafika, Lemmy adakoka mpweya, ndipo thupi lonse lidachita tsembwe. Abale, fungo limene munthu walisowa nthawi yaitali likabwera limagwetsa misozi. Lidabwera mosanjikizana: khofi patsogolo, kautsi pambuyo pake, kenako kutsekemera kwa shuga wopserera m'mphepete mwa poto. Adadabwa kuti zonsezi zingakhale m'kapu imodzi, zochokera ku mbewu ndi madzi ndi moto basi. Chitenje chidanyowa.

"Iyi ni sitauti," adatero. "Chimela munachikazinga bwino maningi."

Yachiwiri adaitchula kuti ndi pota, yofewerapo, ya fungo la chokoleti ndi buledi wongotuluka kumene mu uvuni. Antchito adayamba kugundana zigongono.

Idafika yachitatu. Adanunkhiza. Palibe. Adapukusa mutu, nanunkhizanso mpaka chizungulire. Palibe ngakhale pang'ono.

Mtima udagwa. Mawu okoma anali kale pa lilime, ndipo akadatha kuwalankhula bwinobwino monga ankachitira kale. Adaganiza za Rachael, za mwana wawo, za ntchito ya ulonda. Kenako adaika kapu pansi.

"Apa sinimvela kanthu, ba madamu. Mphuno ikalibe kupola. Funani wina."

Adamasula chitenje kuti azipita. Poyang'ana m'kapumo, munali madzi a pampopi, oyera mbee.

Antchito adakuwa, wina mpaka kuliza likhweru. Mayi Chama sadaseke. Adakoka mpando uja n'kuuyika kumutu kwa tebulo.

"Mphuno ninaidziwa kuti yabwela pa kapu yoyamba. Nenze kufuna kudziwa ngati munthu wabwela. Nkhalani, ba Lemmy."

Masiku ano, Loweruka lililonse mabenchi a ku Lilayi amadzazanso, ndipo Lemmy akakayikira mowa amanena poyera kuti uwu aulawenso wina. Anthu amamukhulupirira kuposa kale.

Inu amene mukuwerenga, mwina chimene munkadyera chakuferani m'manja. Mwina ndi maso, mwina ndi dzanja, mwina ndi dzina lanu labwino. Musachibise, ndipo musachiike m'manda chisanafe. Dzukani mawa mukayesenso, akusekeni amene akuseka, mkuja mudzapitenso. Limbani mtima, m'bale wanga, chanucho chikadali ndi moyo.