Mapasa a Mbale Imodzi

Ndinali ndi zaka khumi pamene ntchito yothira mchere m'ndiwo inakhala yanga. Inayamba tsiku limene bambo anabwera kuchokera ku Joni, kumene anakhalako nthawi yaitali akugwira ntchito m'minda ya malalanje. Amayi ankaphika zonse, koma ikafika nthawi ya mchere ankabwerera m'mbuyo n'kundiitana. Kwathu, kumtunda kwa Kandeu, amati dzanja la mwana ndi lozizira, silipatsira matenda, pamene la munthu wa pabanja limatha kutentha, makamaka mwamuna akangochokera kuulendo.

Pakhomo pathu panali mapasa, Tiyanjane wamkazi ndi Madalo wamwamuna. Anali atangoyamba kuyenda, ndipo anasiya kuyamwa msanga chifukwa mkaka wa amayi sunkakwanira anthu awiri. Kuwadyetsa inalinso ntchito yanga ndikaweruka kusukulu. Ndinkawakhazika pamkeka, mbale imodzi ya phala pakati, sipuni imodzi, uyu kamodzi, uyu kamodzi. Tiyanjane ankadya mwaulemu ngati mlendo. Madalo ndiye anali wosakhazikika: ankagwira sipuni ndi manja onse awiri, n'kuikoka, ndikamulanda n'kuseka mpaka phala kutuluka m'mphuno.

Linali dzinja, chimanga chisanache, nkhokwe itafika pansi. Mbatatesi tinali titagulitsa kale. Phala linali la ufa woyera ndi madzi basi, lopanda nsinjiro, ndipo ndiwo zinali nkhwani tsiku ndi tsiku. Mvula itadetsa chitsime, Madalo anayamba kutsekula m'mimba. Bambo ankamukonda kwambiri mwanayu. Anakwera njinga kupita kugolosale, n'kubwera ndi makapisozi ofiira ndi achikasu. Ankawatsegula, n'kusungunula ufa wake pasipuni, n'kumumwetsa.

"Ku Joni tinkachira ndi amenewa," ankatero.

Kutsekula kunkasiya, kenako n'kuyambiranso, ndipo bambo ankakagula ena. Zinatero kwa nthawi ndithu.

Kenako Madalo anayamba kunenepa. Masaya anadzaza, mapazi anakhala ngati timikate. Amayi a pafupi ankamuyamikira: "Onani kamnyamataka, kayamba kufanana ndi bambo ake!" Ine sindinkakondwa nako kunenepako, ngakhale sindinkadziwa chifukwa. Tsiku lina ndikumusambitsa ndinadina phazi lake ndi chala. Nditachotsa, dzenje linatsala pomwepo, osabwerera, ngati ndadina dothi lonyowa. Tsitsi lake linayamba kufiira n'kumathothoka ndikalipesa. Khungu la m'ntchafu linada, n'kuyamba kusupuka ngati khoma lakale.

Koma chimene chinandiopsa kwambiri chinali china. Kuseka kunatha. Sipuni sankaikokanso, ankangotembenuza mutu. Ndikamunyamula ankalira kaliwu kotsika, kosalekeza, kopanda misozi, ndikamusiya ankangokhala pamene ndamukhazika, maso ali pakhoma. Tiyanjane ankamubweretsera chisononkho kuti asewere, iye osachiyang'ana n'komwe. Zinali ngati mwini wake wasamuka, m'nyumba mwangotsala katundu.

Amalume, achimwene awo a amayi, ndiwo anali mwini mbumba. Anabwera madzulo ena, anagwada, anayang'ana mapazi aja kwa nthawi yaitali, n'kunena mawu amodzi okha:

"Tsempho."

Amayi anakhala pansi pomwepo. Ine ndinali nditamvapo za tsempho pachitsime: amati kholo likayenda ndi munthu wina kunja kwa banja, kenako n'kugwira mwana kapena kudya naye za mchere, mwanayo amatupa, ndipo sachira mpaka wolakwayo ataulula. Palibe amene anatchula dzina, koma maso onse anapita kwa bambo. Iwo anali mkamwini pamudzipo, komanso anakhala kutali nthawi yaitali.

Kuyambira tsiku limenelo mbale ya mapasa inagawanika. Madalo anamuletsa mchere, mazira, nyemba ndi chilichonse chimene ankati n'cholemera. Anangotsala ndi kaphala koyera kamadzimadzi kosakaniza ndi mizu yowawa. Tiyanjane anayamba kugona kwa amayi aang'ono, chifukwa amati mapasa amaitanana, wina akanyamuka mnzake amatsatira. Masana amayi a m'mudzi ankabwera n'kukhala pakhonde osanena kanthu, manja ali pamiyendo. Wina anabweretsa mtolo wa nkhuni umene palibe anaupempha, n'kuutsamiritsa kuseri kwa khitchini. Ndinkadziwa ntchito ya nkhuni zotero: ndi za pamaliro. Ndikamadutsa ndinkayang'ana kumbali.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo wa pichesi. Kumwamba kunali kutada, mphepo ikununkha mvula. Amayi anakhala pamkeka, Madalo ali pamiyendo. Ine ndinaima pambali pawo, Tiyanjane ali kumbuyo kwanga.

"Alamu," anayamba amalume, "mwana akupita uyu. Manyazi sapha munthu, tsempho limapha. Ululani tipange mankhwala, mwana adzuke."

"Ndalumbira kale, alamu. Ku Joni ndinkathyola malalanje, sindinkathyola akazi a eni."

"Nanga mwanayu watupa ndi chiyani? Mwamupopa ngati tayala la njinga yanu?"

Wina anafuna kuseka koma anameza. Bambo anayang'ana Madalo. Mwanayo ankapuma movutikira, zikope zitatupa mpaka maso kungotsala timizere.

"Ngati mawu anga ndi amene angamudzutse," anatero motsitsa, "chabwino. Ndavomera. Ndinalakwa."

Amayi anabuula ngati munthu wopondedwa pachilonda. Ine ndinadziwa kuti bambo akunama, chifukwa sanayang'ane pansi monga amachitira wolakwa, anangoyang'anabe mwana wawo. Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu. Mawu anangotuluka.

"Koma amalume, mchere ndimathira ndine. Mbale inali imodzi, sipuni imodzi. Bambo amanyamula onse awiri. Nanga bwanji Tiyanjane sanatupe?"

Amayi aang'ono anandikoka khutu mpaka ndinamva kulira m'mutu. "Iwe Nelia! Pali akuluakulu pano!"

"Kamwana aka kakula liti?" anatero amalume. "Sukulu yake ndi imeneyi, yoyankha pamlandu? Matenda amasankha, iwe."

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Koma amayi anali atatembenuka, akuyang'ana Tiyanjane, yemwe ankatafuna nsonga ya chitenje changa, masaya ali bwinobwino, maso ali gwa. Anamuyang'ana, n'kuyang'ananso amene anali pamiyendo pawo.

"Achimwene," anatero pang'onopang'ono, "mwanayu wafunsa. Chimene chinalowa m'mimba mwa Madalo, mwa Tiyanjane osalowa, n'chiyani?"

Kenako bambo anaimirira, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kajumbo. Anakakhuthula pamkeka. Munali timapepala tonyezimira ta makapisozi aja, tambirimbiri, tonse topanda kanthu.

Amayi anamangira Madalo kumbuyo, n'kumanga chitenje mfundo ziwiri.

"Mbumba ndi yanu, achimwene, koma mwanayu ndinabereka ndine. Bambo a Nelia, popani njinga."

"Mwana wa tsempho akabayidwa jakisoni ndiye kuti mwamupha," amalume anakuwa ali m'mbuyo. "Akakatsirizikira kumeneko, musadzati sindinanene!"

Madontho oyamba anagwa iwo asanafike pamsewu. Ndinawaona akutsika chitunda, bambo akukankha njinga m'matope, amayi atafunditsa mwana thumba la feteleza, mpaka nkhungu inawameza. Nkhuni zija zinali zikadali kuseri kwa khitchini.

Patapita masiku angapo anandituma kuchipatala cha ku boma kukapereka ufa, ndipo ndinatsalira komweko kuti ndizithandiza amayi. Madalo anali m'chipinda cha ana operewera zakudya m'thupi. Munkanunkha mkaka ndi sopo, ndipo ngakhale munali ana ambiri, munali zii. Ana odwala matenda amenewa sachita phokoso. Ankamumwetsa mkaka wapadera pang'onopang'ono ndi kakapu, pamodzi ndi mankhwala oyeza bwino.

Namwino wina wamfupi, wolankhula mosabisa, ndiye anaona kajumbo kaja, chifukwa bambo anakatenga.

"Bambo inu, golosale yakhala chipatala liti?" anawafunsa. Kenako anafewetsa mawu. "M'matumbo mwa mwana mumakhala tizilombo tabwino timene timamuthandiza kugaya chakudya. Kutsekula kunakokolola tina, makapisozi anuwa sasankha, anapha ndi totsala tomwe. Ndiye phala loyera lokhalokha likanabwezeretsa chiyani? Kunenepa mukukuonaku ndi madzi. Musadzaope akamaphwa."

Tinaopabe. Madzi aja atayamba kuchoka, Madalo weniweni anaonekera: timikono ngati mapesi, nthiti zowerengeka, khungu lolendewera ngati malaya a munthu wina. Sabata yomweyo mwana wa pabedi loyandikana nafe anamwalira masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo amayi ake anamutulutsa atamukulunga m'chitenje chomwe anabwera nacho. Amayi anga anagwira mwendo wa Madalo osausiya mpaka madzulo. Ndinawamva akunong'ona kuti, "Kapena achimwene ananena zoona." Ine ndinangodziwa kuti ngati mwanayu apita, funso langa lija lidzakhala limene linamuchotsa pamudzi.

Sanapite. Anayamba kumaliza mkaka, kenako anamuyambitsa chiponde. M'mawa wina ndikumudyetsa phala, ndinamva sipuni ikulimba. Anali ataigwira ndi manja onse awiri. Ndinakoka, iye anakoka. Ndinakokanso, ndipo pakamwa pake panatseguka, panatuluka kaphokoso kosasa, ngati chitseko chimene chakhalitsa chosatsegulidwa. Kunali kuseka.

Namwino uja anaima pakati pa chipinda. "Mayi, mwamumva? Mwana wotere akaseka ndiye kuti wabwerera. Yambani kuganiza za ulendo."

Titabwerera kumudzi, amayi anasintha kaphikidwe. Phala linakhala la mgaiwa, lothira nsinjiro. Nyemba sitinkagulitsanso zonse. Bonongwe, chisoso, mapichesi, thobwa, ndi chambiko chimene ankasinthanitsa ndi mbatatesi kwa anzathu a ng'ombe, zonse zinkalowa m'mbale ya mapasa, imene inakhalanso imodzi. Nkhuni zija tinaphikira nyemba. Amalume mpaka lero amanena kuti mwana anachira chifukwa bambo anaulula, ndipo alipo ena pamudzi amene amawaonabe bambo ndi diso limenelo. Bambo sanabweze mawu awo pagulu. Amangoti anagula mwana ndi dzina lawo, ndipo sanadyeredwe.

Tsopano ndili Folomu 4. Chaka chino aphunzitsi a sayansi anatiphunzitsa za mabakiteriya a m'matumbo. Anati si onse amene ali adani: ambiri amakhala nafe mwamtendere, amadya zimene tadya, makamaka masamba, nyemba ndi gaga amene timataya pokonola, ndipo amatithandiza kugaya chakudya ndi kutchinga matenda. Anatinso mimba ndi ubongo zimatumizirana mauthenga, moti zikasokonekera m'matumbo, ngakhale mtima ndi maganizo a munthu zimatha kusintha. Anzanga ankalemba mofulumira poopa mayeso. Ine cholembera chinaima. Ndinkaona maso aja ali pakhoma.

Funso limene ndinafunsa pansi pa pichesi ndinalifunsa ndisakudziwa yankho lake. Lero ndikuliona chonchi. Bambo ali ndi minda iwiri ya mbatatesi, wina kudimba kumene nthaka ndi yakuda, yodzaza nyongolotsi, wina pachitunda pamene madzi anakokolola. Mbewu imachokera m'thumba limodzi, koma zokolola sizifanana. Mapasa athu ankadya mbale imodzi, yosaukanso, koma chakudyacho chinkagwera m'minda iwiri yosiyana. Sindingalumbire kuti makapisozi okha ndiwo anachititsa, pakuti njala, madzi akuda ndi kutsekula zinali pomwepo. Chimene ndikudziwa n'chakuti tonse tinkafunafuna wolakwa kunja, pamene chimene chinawonongeka chinali m'kati, chosaoneka ndi maso.

Madalo anachedwa kulankhula, ndipo kusukulu Tiyanjane anamusiya m'mbuyo. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati miyezi ija inamubera kanthu kena m'mutu kamene sikadzabwerera. Koma chaka chatha anakhoza bwino masamu, ndipo palibe mwana pamudzi amene amamuposa kukonza tcheni cha njinga. Ndikufuna kudzaphunzira unamwino, kuti mwana akadzayamba kunenepa mokayikitsa, padzapezeke wodina phazi msanga.

Patchuthi chapitachi ndinaphika nyemba zosakaniza ndi bonongwe, n'kumuikira chikho cha thobwa pambali. Anayang'ana mbaleyo n'kukwinya nkhope.

"Achemwali, masamba onsewa? Ine ndine mbuzi?"

"Idya," ndinatero. "Sindikudyetsa iwe wekha. Uli ndi alendo m'mimbamo."

Anandiyang'ana ngati ndapenga, kenako anaseka mpaka thobwa kutuluka m'mphuno. Ine ndinangomvetsera kusekako.