Bokosi la Alamu Anga Akalipentala

Alamu anga ndi akalipentala, ndipo nzeru zawo si zamasewera. Ngongole zitawafika m'khosi, kwa wogulitsa matabwa, kwa eni nyumba ndi kwa ine ndemwe, anakhoma bokosi losungiramo ndalama, lokongola, lopaka vanishi. Matabwa ake anatenganso pangongole.

"Mlamu, tsiku lililonse ndiziponyamo kenakake," anandiuza akusisita chivundikiro. "Pakutha pa miyezi isanu, nonsenu mudzandipatsa ulemu."

Kiyi anapatsa akazi awo, achemwali angawo, kuti mayesero awapitirire patali. Ife tinawomba m'manja, kuiwala kuti wokhoma bokosi amadziwa msomali umene umazuka msanga.

Tsiku lotsegula tinasonkhana mu shedi yawo, utuchi uli m'mapazi. Achemwali anatembenuza kiyi. M'bokosimo munali timapepala tokhatokha, tolembedwa ndi pensulo yawo yolembera pa matabwa: "Ndabwereka, ndibweza Lachisanu."

"Musadandaule," anatero alamu, m'maso muli gwa. "Chilichonse chinalembedwa bwinobwino."

Lero ali ndi ngongole kwa anthu anayi. Wachinayiyo ndi iwo eni, ndipo ndi okhawo amene amawakongozabe.